Kusankha mwana wa galu wa masewera: yang'anani makolo ake ndi womuweta

Anthu ambiri m'mizinda ya dziko lino amaweta galu kuti azilondera pakhomo. Koma m'mayiko monga Britain, Germany, Belgium, America ndi South Africa muli anthu ochuluka amene amaweta agalu ndi cholinga chochita nawo masewera: kudumpha zopinga, kutsata fungo, kubusa nkhosa ndi kupikisana pa kumvera. Munthu wofuna galu wotere amasankha tsiku limodzi, koma adzakhala ndi galuyo zaka 10 kapena kupitirira apo. Akasankha molakwa, amataya ndalama zogulira ndi zolipira madokotala a ziweto, amataya zaka zophunzitsa, ndipo nthawi zina amatsala ndi galu wopunduka kapena wamantha amene sangathe kumulamulira.

Mwana wa galu wa masabata 8 saonetsa zambiri za mmene adzakhalire akakula. Umboni wodalirika uli mwa makolo ake, mwa abale ake amene adakula kale, ndi mwa munthu amene adakweretsa makolowo n'kulera anawo. Choncho ntchito yaikulu ya wogula ndi kufufuza woweta. Kuloza kagalu pakati pa anzake kumabwera pomaliza.

Masewera a agalu ndi otani?

Mpikisano wobusa nkhosa ndi umodzi mwa masewera akale kwambiri a agalu. Wodziwika kuti ndi woyamba ku Britain udachitikira ku Bala, m'dziko la Wales, m'chaka cha 1873. Mbusa amaima patali n'kumalamula galu pogwiritsa ntchito likhweru kapena mawu, ndipo galuyo amasonkhanitsa nkhosa, kuzidutsitsa pazipata ndi kuzilowetsa m'khola. Mtundu wa Border Collie ndiwo udatchuka pantchitoyi, ndipo agalu ambiri a mtunduwu ndi zidzukulu za galu wina dzina lake Old Hemp, amene adabadwa mu 1893 ku Northumberland.

Masewera a agility adaonetsedwa koyamba mu 1978 pa chionetsero cha agalu cha Crufts ku London. Galu amathamanga wopanda chingwe, kudumpha mipiringidzo, kulowa m'mipita ya nsalu, kukwera matabwa ndi kukhotakhota pakati pa timitengo 12, mwini wake akumulondolera ndi manja komanso mawu. Wopambana ndi amene wamaliza msanga popanda kulakwitsa.

Masewera a IGP, amene kale ankatchedwa Schutzhund, adayambira ku Germany kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ngati mayeso oonera ngati galu wa mtundu wa German Shepherd ndi woyenera kubereka. Ali ndi magawo 3: kutsata fungo, kumvera ndi chitetezo. Gawo lililonse lili ndi mapointi 100, ndipo galu ayenera kupeza osachepera 70 pa lililonse kuti akhoze. Palinso flyball, yomwe idayambira ku California, momwe matimu a agalu 4 amapikisana kudumpha zopinga 4, kutenga mpira m'bokosi ndi kubwerera nawo.

Mtundu ugwirizane ndi masewera komanso moyo wanu

Masewera aliwonse amafuna thupi ndi khalidwe lake. Agility imafuna galu wopepuka, wotha kutembenuka msanga, ndipo n'chifukwa chake Border Collie, Shetland Sheepdog ndi Cocker Spaniel amachuluka m'bwalo. Agalu amapikisana m'magulu malinga ndi msinkhu wawo, kotero galu wamng'ono ali ndi mwayi ngati wamkulu. Pa IGP pamachuluka German Shepherd ndi Malinois, galu wa ku Belgium amene dzina lake lidachokera ku mzinda wa Mechelen, womwe pa Chifalansa umatchedwa Malines. Galu wolemera ngati Boerboel amalondera bwino, koma kudumpha kobwerezabwereza kumavutitsa mfundo za mafupa ake. Agalu a mphuno zophwatalala, monga Bulldog ndi Pug, amavutika kupuma akathamanga, makamaka nyengo yotentha.

Mitundu yambiri idagawikanso pawiri: agalu owetedwa kaamba ka maonekedwe a pachionetsero ndi owetedwa kaamba ka ntchito. Onse amatchedwa dzina limodzi koma amasiyana thupi ndi mtima. Nkhaniyi idautsa mapiri pachigwa ku Britain mu 2008, wailesi ya kanema ya BBC itaulutsa pulogalamu yotchedwa Pedigree Dogs Exposed, imene idaonetsa matenda obwera chifukwa choweta agalu potsata maonekedwe okha. Pambuyo pake BBC idaleka kuonetsa chionetsero cha Crufts.

Galu wa ntchito alinso ndi mtolo wake. Malinois kapena Border Collie wosapatsidwa chochita tsiku ndi tsiku amadzipezera yekha ntchito: amakumba maluwa, amang'amba zovala pachingwe, amathamangitsa nkhuku ndi njinga. Munthu amene amachoka pakhomo m'mawa n'kubwerako usiku adzifunse kuti galu wotere azimuphunzitsa nthawi yanji.

Chikalata cha mtundu chimanena chiyani?

Mabungwe olembetsa agalu amasunga kaundula wa makolo a galu aliyense. Kennel Club ya ku Britain idakhazikitsidwa mu 1873. Kennel Union of Southern Africa, mwachidule KUSA, idayamba mu 1891 ndipo likulu lake lili ku Cape Town. Bungwe la dziko lonse la Fédération Cynologique Internationale, lodziwika kuti FCI, lidakhazikitsidwa mu 1911 ndipo lili ku Thuin, m'dziko la Belgium.

Chikalata cha mtundu chimangotsimikiza kuti makolo a galuyo adalembetsedwa. Pachokha sichinena kuti makolowo ndi athanzi kapena kuti amatha ntchito. Ubwino wake ndi woti chimapereka mayina enieni ndi manambala amene wogula angafufuzire zotsatira za mayeso a thanzi ndi za mipikisano. Wogulitsa akanena kuti "mapepala abwera pambuyo" kapena akamatchula mtengo wina wa galu wokhala ndi mapepala ndi wina wa wopanda mapepala, wogula achenjere.

Mabungwe ena amafuna zambiri kuposa mayina a makolo. Verein für Deutsche Schäferhunde, bungwe limene Max von Stephanitz adayambitsa mu 1899 ku Germany, limafuna kuti galu akhoze mayeso a ntchito komanso ayezedwe chiuno ndi zigongono asanaloledwe kubereka. Lilinso ndi mayeso a mphamvu momwe galu amathamanga makilomita 20 pambali pa njinga. International Sheep Dog Society, imene idayamba mu 1906, imatha kulembetsa galu wopanda mbiri ya makolo ngati waonetsa luso lobusa. Wogula afunse kuti bungwe limene lidapereka chikalata limafuna chiyani kwa woweta.

Mayeso a chiuno ndi zigongono

Vuto lodziwika kwambiri pa agalu akuluakulu ndi kusakhazikika kwa mfundo ya m'chiuno, komwe madokotala amati hip dysplasia. Mutu wa fupa la ntchafu sulowa bwino m'malo mwake, mafupa amakhulana, ndipo mapeto ake galu amadwala nyamakazi. Vutoli silioneka pa mwana wa masabata 8. Galu wamkulu akhozanso kuthamanga bwinobwino ali nalo n'kupatsira ana ake. Njira yodziwira ndi kujambula makolo pa ekisire, zithunzizo n'kuunikidwa ndi akatswiri amene alibe mbali pa malondawo.

Mayiko amawerengera mosiyana. Pansi pa FCI, chiuno chimapatsidwa chilembo kuyambira A mpaka E. A ndi chiuno chabwino, E ndi choonongeka kwambiri. Ku Britain, mbali iliyonse imapatsidwa nambala kuyambira 0 mpaka 53, zonse pamodzi 0 mpaka 106, ndipo nambala yochepa ndiyo yabwino. Galu amayezedwa akakwanitsa miyezi 12. Ku America, bungwe la Orthopedic Foundation for Animals, lomwe lidayamba mu 1966, limapereka chiphaso chake galu akakwanitsa miyezi 24. Zigongono zimayezedwa kuyambira 0 mpaka 3, ndipo galu wa masewera ndi bwino makolo ake onse akhale pa 0.

Mawu oti "adokotala adamuona ndipo ali bwino" sakwanira. Kupima galu ndi manja ndi kosiyana ndi kujambula mafupa. Pemphani kuona chiphaso chenicheni, ndipo yerekezani nambala ya kachipangizo kozindikiritsa galu yolembedwa pachiphasocho ndi ya galu amene akukuonetsani. Makolo a chiuno chabwino amachepetsa chiopsezo koma sachichotseratu, chifukwa vutoli limayenda kumtundu m'njira zingapo ndipo kaleredwe kamathandizirako. N'chifukwa chake zotsatira za agogo ndi abale a makolowo zimathandizanso.

Matenda akumtundu oyezedwa ndi DNA

Matenda ena amayezedwa potenga malovu a m'tsaya kapena magazi. Ambiri mwa matendawa amaoneka pokhapokha mwana akatengera vutolo kwa makolo onse awiri. Galu amene watengera kwa kholo limodzi sadwala, amangonyamula. Agalu awiri onyamula akakweretsedwa, mwana aliyense ali ndi mwayi umodzi mwa 4 wodwala. Wonyamula akakweretsedwa ndi wopanda vutolo, palibe mwana amene angadwale. Choncho kholo lonyamula si chifukwa chothawira; choopsa ndi woweta amene sadayeze n'komwe.

Mtundu uliwonse uli ndi matenda ake. Border Collie amayezedwa matenda a maso otchedwa collie eye anomaly. Labrador amayezedwa khungu lobwera pang'onopang'ono komanso vuto logwa mphwayi miyendo akathamanga kwambiri, lotchedwa exercise-induced collapse. German Shepherd amayezedwa matenda a msana otchedwa degenerative myelopathy, amene amafooketsa miyendo yakumbuyo galu akamakalamba.

Palinso vuto lotchedwa MDR1, limene asayansi a ku Washington State University adalitulukira mu 2001. Limapezeka kwambiri mwa agalu a mtundu wa Collie ndi Australian Shepherd, ndipo limachititsa kuti mankhwala ena alowe mu ubongo wa galu n'kumuvulaza. Amodzi mwa mankhwalawa ndi ivermectin, amene oweta ziweto amawagwiritsa ntchito kwambiri. Mwini galu wa mitunduyi asamubaye mankhwalawa popanda uphungu wa dokotala wa ziweto.

Khunyu ndi nkhani ina. Mwa Border Collie ndi mitundu ina yambiri limayenda kumtundu, koma silingadziwike poyeza DNA, ndipo kawirikawiri limayamba galu ali pakati pa miyezi 6 ndi zaka 6. Apa wogula amadalira chilungamo cha woweta. Funsani mosapsatira ngati pali galu wa mtundu wake amene adagwapo khunyu. Woweta wa zaka zambiri amene akunena kuti agalu ake sadadwalepo chilichonse mwina satsata agalu amene adagulitsa, apo ayi akubisa.

Chibale pakati pa makolo

Oweta ena amakweretsa agalu apachibale pofuna kusunga luso la kholo lotchuka. Kutero kumachulutsa mwayi woti mavuto obisika akumane mwa mwana mmodzi. Chibalechi chimawerengedwa ndi nambala: bambo akakweretsedwa ndi mwana wake, kapena mlongo ndi mlongo wake, nambalayo ndi 25 pa 100, agalu a kholo limodzi lofanana amapereka 12.5 pa 100. Asuweni amapereka 6.25 pa 100. Kennel Club ya ku Britain silembetsa ana obadwa kwa bambo ndi mwana wake, mayi ndi mwana wake, kapena agalu a bere limodzi. Yang'anani pachikalata ngati dzina limodzi likubwera kangapo mbali zonse ziwiri, ndipo funsani chifukwa chake.

Khalidwe la makolo

Galu wa masewera amafunika mtima wokonda kusewera ndi munthu, chidwi pa chakudya kapena mpira, kulimba mtima pa phokoso, ndi kutha kukhazikika ntchito ikatha. Makhalidwewa amatengera kwambiri kumtundu. Mantha a phokoso, mwachitsanzo, amavuta kuwachotsa pophunzitsa, ndipo bwalo la mpikisano limadzadza ndi zimkuzamawu, anthu ndi agalu achilendo.

Onani mayi wa anawo ndi maso anu. Galu woyamwitsa akhoza kukhala wochenjera ndi alendo, koma sayenera kunjenjemera, kubisala kapena kulusa mosaletseka. Bambo nthawi zambiri amakhala kwina; pemphani kumuona pa kanema akugwira ntchito, kapena lankhulani ndi mwini wake. Maudindo a mipikisano olembedwa pambali pa dzina la kholo ndi umboni woti woweruza wapadera adaliona likugwira ntchito pamalo achilendo. Umboni woposa pamenepa ndi abale a mimba zam'mbuyo: kodi alipo amene akupikisana, nanga eni ake akuti chiyani?

Woweta wodalirika amadziwika bwanji?

Woweta wabwino amafotokoza chifukwa chimene adasankhira bambo ameneyo pa mayi ameneyo, ndipo amatchula zofooka za agalu ake osadikira kufunsidwa kawiri. Amakufunsani mafunso ambiri: kumene mumakhala, ntchito yanu, mpanda wanu, ana anu, ndi amene adzakuphunzitseni. Amatha kukana kukugulitsani. Kawirikawiri amaweta mtundu umodzi kapena iwiri, amakhala ndi mndandanda wa anthu odikira, ndipo amalonjeza kulandiranso galuyo ngati mwalephera kumusunga.

Salemetsanso galu wamkazi ndi mimba zotsatizana. Malamulo a Kennel Club ya ku Britain ndi muyeso wothandiza: bungweli nthawi zambiri sililembetsa ana ngati mayi wawo adakweretsedwa asanakwanitse chaka, ngati wakwanitsa zaka 8, ngati adaswa kale maulendo 4, kapena ngati adachitidwa kale opaleshoni yobereka kawiri.

Zizindikiro za wogulitsa wokayikitsa ndi izi: ana a agalu a mitundu yambiri opezeka nthawi iliyonse, kukana kuti mufike pakhomo pake n'kumati mukumane pamsewu kapena pamalo omwetsera mafuta, mayi wa anawo kusaoneka, kutamanda mtundu wa ubweya "wosowa" kapena kukula kwa mutu mmalo mwa thanzi, ndi kukukakamizani kulipira lero lomwe poti ena akufunanso. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dziko la England lidaletsa mu April 2020 kugulitsa ana a agalu osakwana miyezi 6 kudzera mwa amalonda apakati, pansi pa lamulo lotchedwa Lucy's Law, kuti wogula azionana ndi woweta weniweni kapena malo osamalira agalu osowa eni.

Masabata oyambirira

Galu amakhala ndi bere masiku pafupifupi 63. Ana amabadwa osaona ndi osamva, ndipo maso amatseguka patatha pafupifupi masabata 2. Kafukufuku wa John Paul Scott ndi John Fuller ku Jackson Laboratory, m'chigawo cha Maine ku America, amene adasindikizidwa mu 1965, adaonetsa kuti pakati pa masabata 3 ndi 12 ndi pamene mwana wa galu amazolowera anthu ndi zinthu mosavuta. Theka la nthawi imeneyi amakhala ali m'manja mwa woweta. M'mera mpoyamba.

Funsani kumene anawo akukulira. Ana oleredwa pafupi ndi anthu, amene amva phokoso la mapoto, wailesi ndi galimoto, amene aponda pa udzu, simenti ndi matabwa, amene anyamulidwa ndi amuna, akazi ndi ana, amayamba moyo ali patsogolo. Ana otsekeredwa m'khola kuseri kwa nyumba, ongoona munthu pa nthawi ya chakudya, amavuta kuzolowera zachilendo. Mwana asachoke kwa mayi ake asanakwanitse masabata 8, chifukwa posewera ndi abale ake ndi pamene amaphunzira kuluma mosapweteka ndi kumva zizindikiro za agalu anzake.

Tsiku losankha

Pali mayeso a khalidwe amene oweta ena amachita ana akakwanitsa masiku 49: kuona ngati kagalu kakutsata munthu, kutola chinthu choponyedwa, ndi mmene kakuchitira kakadzidzimuka. Mayesowa ali ndi malire. Ku Sweden, Erik Wilsson ndi Per-Erik Sundgren adayeza ana oposa 600 a German Shepherd a masabata 8, ndipo zotsatira zimene adafalitsa mu 1998 zidaonetsa kuti mayesowo sadalosere bwino khalidwe la agaluwo atakula. Kagalu kamene kagona pa nthawi imene mwafika mwina kangomaliza kusewera.

Komabe pali zoyenera kuona. Ombani m'manja kapena gwetsani makiyi chapatali: kudzidzimuka si vuto, chofunika ndi kubwerera msanga kudzanunkhiza. Kokani kansanza pansi muone ngati kagaluko kakuthamangitsa ndi kugwira. Katengereni pamalo pamene sikadafikepo muone ngati kakufufuza kapena kakuuma ndi mantha. Maso akhale oyera, mphuno yosatuluka mafinya, khungu lopanda zilonda, mimba yosatupa, ndipo kayende osatsimphina. Woweta amene wakhala nato masabata 8 amadziwa zambiri kuposa mlendo wa ola limodzi, ndipo oweta ambiri a agalu a masewera amasankhira okha wogula kagalu komuyenera. Ngati mwamufufuza woweta n'kumukhulupirira, mverani uphungu wake.

Katemera, zikalata ndi mgwirizano

Mwana wa galu amalandira katemera woyamba wa parvo, distemper ndi matenda a chiwindi ali ndi masabata 6 mpaka 8, ndipo amabwereza pakapita masabata 2 mpaka 4 kufikira atakwanitsa masabata 16. Katemera wa chiwewe amaperekedwa kuyambira masabata 12. Khadi la katemera likhale ndi tsiku, chizindikiro cha botolo la mankhwala, siginecha ndi chidindo cha dokotala wa ziweto. Likhalenso ndi masiku amene kagaluko kadamwa mankhwala a njoka zam'mimba. Kachipangizo kozindikiritsa, kamene amakabaya pansi pa khungu, kali ndi manambala 15, ndipo manambalawo afanane pa zikalata zonse.

Mgwirizano ulembedwe ndipo mbali zonse zisainire. Utchule mtengo, mayina ndi manambala a makolo, chimene chidzachitike ngati dokotala wapeza vuto m'masiku oyamba, ndi chimene woweta adzachite ngati matenda akumtundu aonekera mtsogolo. Utchulenso ngati pali chiletso chobereketsa galuyo kapena kumutulutsa m'dziko. Mukangomulandira, pitani naye kwa dokotala wanu wa ziweto musanathe masiku 2 kapena 3.

Kwa ogula ali ku Malawi

Amalawi ofuna agalu a mtundu amayang'ana kawirikawiri ku South Africa, kumenenso kumachitika mipikisano ya agility, kumvera, IGP ndi flyball pansi pa KUSA. Kulowetsa galu m'dziko muno kumafuna chilolezo cha nthambi ya boma yoona za ziweto, chikalata cha thanzi chochokera kwa dokotala wa boma wa dziko limene galuyo akuchokera, ndi umboni wa katemera. Funsani kunthambiyo musanalipire, chifukwa zofunika pa katemera wa chiwewe zikhoza kuchedwetsa ulendo wa kagaluko. Ngati ziti zitero, gwirizanani ndi woweta za mmene azikazolowezera anthu ndi malo pa masabata odikirawo.

Kugula patali kumatsegulira khomo akathyali. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pamayenda zithunzi za agalu zobedwa kwina. Wogula amatumiza ndalama yachikole, kenako amauzidwa kuti awonjezere ya bokosi, ya inshulansi ndi ya ndege, galu osaoneka. Pemphani kulankhulana pa kanema wa pafoni mukuona mayi ndi ana ake nthawi yomweyo, tsimikizani dzina la woweta ku bungwe limene akuti adalembetsako, ndipo ngati muli ndi mbale ku Johannesburg kapena ku Cape Town, mutumeni akaone yekha.

Ganiziraninso za malo athu. Nkhupakupa zimafalitsa matenda a m'magazi, ndipo amodzi mwa iwo, ehrlichiosis, amagwira German Shepherd mwamphamvu kuposa mitundu yambiri. Chiwewe chikadalipo m'dziko muno. N'chifukwa chake bungwe la Mission Rabies lakhala likutemera agalu ku Blantyre kuyambira mu 2015. M'miyezi ya October ndi November, galu aphunzitsidwe m'mamawa kapena madzulo, chifukwa galu amadziziziritsa makamaka popuma wefuwefu ndipo kutentha kukhoza kumupha.

Mukafika naye kunyumba

Kusankha bwino kukhoza kuonongeka ndi changu cha mwini. Nsonga za mafupa a galu zimakhala zikukulabe mpaka miyezi 12 kapena 18, malinga ndi kukula kwa mtundu wake. Kumudumphitsa zinthu zitalizitali nthawiyi isanakwane kukhoza kumuvulaza kwa moyo wonse. Pa chifukwa chimenechi, Kennel Club ya ku Britain silola galu wosakwana miyezi 18 kupikisana pa agility, ndipo gawo loyamba la IGP limafunanso miyezi 18. Chaka choyamba ndi chophunzitsa kubwera akaitanidwa, kusewera ndi mwini wake, kuyenda pa chingwe ndi kudekha pakati pa anthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musamunenepetse. Kafukufuku wa ku America amene adatsata agalu 48 a Labrador moyo wawo wonse, n'kufalitsidwa mu 2002, adapeza kuti agalu amene ankapatsidwa chakudya chocheperako ndi gawo limodzi mwa magawo 4 adakhala moyo wotalikirapo ndi pafupifupi zaka 2 poyerekeza ndi abale awo, ndipo nyamakazi idachedwa kuwayamba. Nthiti za galu wa masewera zizimveka mosavuta mukamusisita.

Nanga galu wachikuda?

Si masewera onse amene amafuna chikalata cha mtundu. Ku Britain, galu wosakanikirana mitundu amalembetsedwa m'kaundula wapadera wa Kennel Club ndipo amapikisana pa agility ndi pa kumvera limodzi ndi anzake a mtundu. Agalu a m'midzi ya kum'mwera kwa Africa, amene ku South Africa amawatcha Africanis, ndi opepuka, aliwiro ndi ozolowera nyengo yathu. Munthu amene akungoyamba kuphunzira akhoza kutenga galu wotere kwa mnansi amene akudziwa bwino agalu ake, kapena ku bungwe ngati Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, limene limapezera makomo agalu osowa eni. Galu wamkulu ali ndi ubwino woti thupi ndi khalidwe lake zimaoneka kale, ndipo chiuno chake chikhoza kujambulidwa nthawi yomweyo.

Kaya galu ndi wachikuda kaya ndi wa mtundu, mafunso ofunsa ndi omwewo: makolo ake ndi ati, adayezedwa chiyani, amatha ntchito yanji, anawo akukulira pati, ndipo wogulitsayo adzayankha foni pakadzatha zaka 2? Woweta amene akuyankha mafunsowa ndi zikalata m'manja ndi woyenera kumudikira, ngakhale zitatengera chaka kuti galu wake aswe.